Kapaipi ka Petulo Kamene Kanatsala Pang'ono Kuphetsa Amuna Anga

Ndikupatsani moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye, amene mumawerenga maumboni pano. Ine ndine Nambewe, ndimakhala kufupi ndi Biriwiri m'boma la Ntcheu, kumene ukangowoloka msewu waukulu ndiye kuti waponda dziko la Mozambiki. Ndakhala ndikuzengereza kulemba umboni uwu, chifukwa ndikangoyamba kukumbukira mtima umagunda ngati zikuchitika lero. Amuna anga anatsala pang'ono kuwotchedwa pabwalo la nyumba yathu, masanasana, ndi anthu amene timapemphera nawo komanso kugawana nawo madzi pamjigo. Ankawanena kuti amapopa magazi a ana. Gwero la zonsezi linali kapaipi ka pulasitiki kosatalika kuposa mkono wanga.

Amuna anga, bambo a Tadala, ndi mmisiri wowotcherera zitsulo. Amakonza ngolo, mafelemu a zitseko, mapampu a kudimba ndi njinga zamoto za akabaza. Ine ndimalima kachewere ndi kabichi. Chiwadziwireni, mtima wawo wakhala uli pa ndege. Ndege ikamadutsa m'mwamba ankasiya chilichonse chimene agwira, n'kuiperekeza ndi maso mpaka italowa kuseri kwa phiri. Atagula foni ya intaneti anayamba kuonera anthu a m'mayiko ena amene amapanga tindege ta munthu mmodzi pakhomo pawo. Tsiku lina tikukumba kachewere anandiuza kuti nawonso apanga yawo. Ine ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo sanaseke.

Ntchitoyo inawatengera zaka. Anamanga shedi kuseri kwa nyumba, ndipo akaweruka pa ntchito za anthu ankalowa m'menemo. Thupi la ndege analipanga ndi mapaipi achitsulo opepuka, mapiko anawakuta ndi nsalu yolimba, ndipo thabwa lozungulira lakutsogolo lija amati pulopela analisema okha. Injini anaichotsa pa njinga yamoto yakale, ya mtundu umene alangizi a zaulimi ankayendera, imene petulo wake amayenera kusakanizidwa ndi oyilo. Anthu a m'mudzi ankabwera kudzaona. Ankawatcha a Pailoti, ena n'kumafunsa mwanthabwala kuti kodi imeneyi ndi yamasana kapena ndi zija zouluka anthu atagona. Tonse tinkaseka. Sindinkadziwa kuti nthabwala imatha kukhala m'mitima ya anthu n'kudzasanduka chinthu china.

Thanki ya mafuta anaiika pamwamba, kumbuyo pang'ono kwa mutu wa woyendetsa. Anandifotokozera kuti m'mwamba mulibe poimika kuti utsegule chivindikiro n'kusuzumira, choncho woyendetsa ayenera kumaona ndi maso ake kuti mafuta atsala ochuluka bwanji. Geji ya singano ngati ya pa njinga yamoto sankaikhulupirira, ankati imatha kukanirira n'kukunamiza. Iwo anasankha njira yapafupi. Analumikiza kapaipi koonekera mkati, mbali ina kunsi kwa thanki, mbali ina pamwamba pake, n'kukadutsitsa pafupi ndi phewa lawo. Mafuta akadzaza m'thanki, m'kapaipimo amakweranso mpaka pamwamba. Akamatha, amatsika chimodzimodzi. Ukangocheuka pang'ono waona zoona zake.

Koyamba anagwiritsa paipi yoyera ija amisiri omanga nyumba amathiramo madzi poyeza levulo. Inkaoneka bwino kwambiri, petulo ankaonekera ngati m'galasi. Patapita miyezi, m'mawa wina anamangirira ndegeyo ku mtengo wa bulugamu ndi chingwe kuti ayese injini, iwo atakhala pampando. Ine ndinali kuchapa. Ndinamva injini ikulira mwamphamvu, kenaka inazima mwadzidzidzi, ndipo ndinawaona akudumpha n'kuthamangira kumadzi anga ochapira. Malaya awo onse anali atanyowa petulo. Paipi ija inali itauma gwa ngati phesi, itafupika, ndipo kunjenjemera kwa injini kunaivula pamene inalumikizidwa. Mafuta anawathira paphewa ndi pamiyendo n'kumayenderera chakumene kuli ekizozi yotentha. Atasamba anakhala pansi. Kenaka anati, "Amayi a Tadala, izi zikanachitika ndili m'mwamba..." Sanamalize, ndipo ine sindinafune kuti amalize.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani m'nyumba mwathu inali ya paipi basi. Paipi yakuda ya labala imene imakhala pa magalimoto imapirira petulo, koma suona mkati, ndiye inalibe ntchito. Anaganizapo za kachubu ka galasi, koma anati injini ikamanjenjemera kangasweke pafupi ndi nkhope yawo. Anapita ku Ntcheu boma, anafika ku Dedza, ndipo ulendo wina anakafika ku Lilongwe, kulikonse akubwera ndi tizidutswa. Ogulitsa onse ankati yawo ndi yolimba, koma palibe ankadziwa ngati ingapirire petulo wa kuno, amene amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe. Ku famase ina anagulanso paipi ya diripi yatsopano, ya m'pepala lake, poganiza kuti chinthu chopangira chipatala chiyenera kukhala chabwino. Imeneyo inawakhumudwitsa msanga. Inali yaing'ono kwambiri mkati, moti tinthovu ta mpweya tinkatsekeramo, mafuta n'kumaoneka ngati alipo ambiri pamene atsala pang'ono.

Atatopa ndi mawu a ogulitsa anaganiza zoyesa okha. Anatola mabotolo agalasi, n'kuthiramo petulo, ena wa pa filing'i siteshoni, ena wogula m'mphepete mwa msewu, wosakaniza kale ndi oyilo monga mmene injini imafunira, ndipo m'botolo lililonse anaponyamo kachidutswa ka paipi ya mtundu wake. Anatseka zolimba n'kuwandandalika pa shelefu m'shedi. Nthawi ndi nthawi ankatulutsa kachidutswa, kukapinda, kukafinya ndi zala, kukayang'ana padzuwa. Tina tinkauma, tina tinkafufuma n'kufewa ngati phala, tina tinkachita chifunga osaonekanso mkati. Ya diripi ija nayo anaiponya m'botolo lake kuti aone mathero ake. Tsono oyilo amene ankagula anali wofiira. Akasakaniza ndi petulo, n'kukhalitsa m'botolo m'chipinda chamdima pang'ono, madziwo ankaoneka ofiira moderako. Ine ndinkawaona tsiku ndi tsiku posesa, ndipo sindinaganizepo china chilichonse.

Nyengo imeneyo mphekesera za anamapopa zinayambiranso kumveka. Wina ankati wamva kuti kutsidya, ku Mozambiki, munthu anadzuka ali wofooka ndi kabala pamkono, wina ankati kwadutsa galimoto yachilendo. Palibe anaona kanthu ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni amene anaona. Mwezi womwewo mwana wa a Dzonzi, aneba athu a kumunsi kwa mjigo, anadwala malungo. Anali mtsikana wamng'ono dzina lake Mphatso, amene ankakonda kuima pakhomo la shedi n'kumayang'ana mapiko a ndege chala chili m'kamwa. Anachedwa kupita naye kuchipatala chifukwa poyamba ankaoneka ngati akupeza bwino. Atafika, madokotala anati malungo amuthera magazi m'thupi. Anayesetsa, koma mwanayo anamwalira. Mawu akuti magazi atha aja anafika m'mudzi thupi lisanafike, ndipo anthu anayamba kufunsana kuti atha bwanji, apita kuti.

Pa siwa ndinazindikira kuti china chake chalakwika. Nditakhala pamphasa, amayi amene anali pafupi nane anasuntha mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha pakati. Nditapita kukathandiza kuphika, wina anandilanda chikombe m'manja. Kumanda, amuna anga atapempha khasu kuti akwirire nawo, adzukulu anangowayang'ana. Ndinamva kumbuyo kwanga mayi wina akunong'ona kuti mwanayo sankachoka pa shedi paja. Wina anayankha kuti ndege za anthu oterewa mafuta ake timawadziwa. Ndinauza bambo a Tadala kuti tisabwerere kunyumba, tiwoloke msewu tikakhale kaye kwa achibale. Iwo anakana. Anati munthu wosalakwa akathawa ndiye kuti wavomera.

Tinangofika pakhomo, tisanasambe n'komwe m'manja, pamene tinamva phokoso likukwera kuchokera kumanda. Anali anthu ambiri, amuna patsogolo atanyamula makasu ndi mapiki omwe aja anakumbira manda, amayi ndi ana pambuyo. Mwamwayi mwana wathu Tadala anali kusukulu yogonera konko. Anyamata anathyola loko wa shedi n'kulowa. Posakhalitsa mmodzi anatuluka atakweza botolo m'mwamba, madzi ofiira akugwedezeka, kapaipi ka diripi kakuoneka mkati.

"Si awa magazi! Ndi paipi yake yopopera yomwe!"

Kulira kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Amuna anga anakweza manja n'kuyamba kufotokoza kuti ndi petulo, atsegule anunkhize. Palibe anamva. Fungo la petulo linalipo, koma shedi imeneyo inkanunkha petulo masiku onse, ndiye silinauze munthu kanthu. Wina anawamenya ndi mpini kumaso, anagwa. Atagwa anawaunjikira. Ena anakhadzula nsalu ya mapiko ndi zikwanje, ena anatema pulopela. Ine ndinadziponya pamwamba pa amuna anga, koma amayi awiri anandikoka n'kundipanikiza kukhoma la nyumba. Mmodzi mwa iwo timaimba naye kwaya.

Kenaka ndinaona mnyamata akugubuduza teyala lakale kuchokera pamalo pomwe amuna anga amagwirira ntchito. Analiveka m'khosi mwawo. Wina anakuwa kuti munthu athamange kumsewu akatenge petulo. Abale anga, ndakhala ndikupemphera kuyambira ndili mwana, ndimatha kutsogolera pemphero pagulu, koma nthawi imeneyo mawu onse anandithawa. Chimene chinkatuluka pakamwa panga chinali chakuti, "Yesu, onani. Yesu, onani." Ndinkangobwereza chomwecho, maso ali pa magazi enieni amene ankatuluka pamphumi pa amuna anga n'kumadontha pa teyala.

Amene anatumidwa uja anapita kwa Nasoko. Nasoko ndi mayi wogulitsa petulo wa m'mabotolo m'mphepete mwa msewu, amene amakatenga m'zigubu kutsidya. Sapita kutchalitchi kulikonse, amasuta fodya, ndipo pakamwa pake anthu amapaopa. Ine ndi iye tinkangopatsana moni, sitinali pa chinzake. Atamva chimene petuloyo akukachita, anakana kugulitsa, anasiya mabotolo ake pamsewu popanda owayang'anira, n'kukwera chitunda chobwera kwathu wapansi. Ndinangomuona akukankha anthu ndi zigongono, chitenje atachimanga m'chiuno ngati akupita kukamenyana. Anafika pa mnyamata wa botolo uja n'kumulanda.

"Mwabwera kudzafuna petulo kwa ine, chonsecho mwamunyamula m'manja? Ameneyu ndinagulitsa ndine kwa bambo awa. Wofiirayo ndi oyilo. Inu akabaza muli panonu, simuudziwa oyilo?"

Wina anakuwa kuti nayenso ali m'gulu lomwelo. Nasoko anayenda mpaka pakati pa bwalo, kutali ndi pamene amuna anga anagona, anatsegula botolo n'kukhuthulira pansi. Anatulutsa machesi pachifuwa, anakhwatcha, n'kuponya. Moto unalilima mpaka anthu anabwerera m'mbuyo akupondana.

"Magazi amayaka chonchi? Ndiyankheni!"

Gulu linaima, maso ali pa moto. Koma mtima wanga sunatsike, unakwera. Ndinaona kuti tsopano adziwa kuti m'shedi muli mabotolo ena odzaza petulo, teyala lili kale m'khosi, moto uli kale pabwalo. Ndipo zoonadi, mwamuna wina kumbuyo anati magazi a ufiti amayaka, asatipusitse. Gulu linayambanso kusuntha.

Apa ndi pamene a Dzonzi, bambo a mwana womwalirayo, anatuluka pakati pa anthu. Nthawi yonseyi anali ataima chapatali, dothi la kumanda likadali kumapazi, osalankhula. Analowa m'shedi okha n'kutuluka ndi botolo lina. Analitsegula, ananunkhiza, anathira pang'ono pachikhatho n'kupaka ndi chala. Iwo ali ndi pampu ya kudimba, petulo amamudziwa. Anayang'ana chikhatho chawo chikuuma mofulumira, n'kunena motsitsa mawu, "Ndi petulo uyu." Anapita pamene panali amuna anga, anawavula teyala lija, n'kuliponya kumbali. "Mwana wanga ndamuika lero. Sindikufuna maliro ena pa dzina lake. Pitani kwanu." Atatero anakhala pansi pafumbi pomwepo, anagwira kumaso n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Pamene apolisi ankafika, pabwalo panali patatsala ine, Nasoko, a Dzonzi ndi amuna anga ali chikomokere.

Mwina mukuganiza kuti umboni wanga wathera pamenepa. Ayi, masiku ovuta kwambiri anabwera pambuyo pake. Kuchipatala anapeza kuti mkono wamanja wathyoka, nthiti zina zathyoka, ndipo diso lamanzere lawonongeka moti mpaka lero limangoona mbuu. Apolisi anatenga anyamata angapo, ndipo makolo awo anayamba kutiyang'ana ngati ndife tawalakwira. Titabwerera kumudzi, anthu anasiya kubweretsa ntchito. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Abusa anabwera kudzatiyendera ndipo analalikira mwamphamvu za kuweruza munthu popanda umboni, koma ulaliki sunasinthe nkhope za pamjigo. Tadala atabwera ku holide, ana anzake anamutcha mwana wa namapopa, ndipo anasiya kutuluka m'nyumba.

Chimene chinkandipweteka koposa chinali amuna anga. Munthu amene sankatha kukhala pansi osagwira kanthu tsopano ankangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Shedi sankaiyang'ana n'komwe. Chakudya ankangotola pang'ono. Munthu akadutsa panjira atanyamula khasu, thupi lawo lonse linkanjenjemera. Tsiku lina ndege inadutsa m'mwamba, phokoso lake likumveka bwinobwino, iwo sanadzutse mutu. Ndinalowa m'nyumba n'kukalira. Ndinaona kuti anthu aja sanawawotche, komabe china chake mwa iwo anachipha. Ndinayamba kudana ndi mudzi wonse. Ndinkafuna tigulitse malo tisamuke. Baibulo ndinkalitsegula n'kulitseka osawerenga, ndipo ndikagwada ndinkangomva mkwiyo. Ndinkafunsa Mulungu kuti ngati munawapulumutsa, munawapulumutsira moyo wotere?

M'mawa wina ndili ndekha kumunda, ndikupalira kachewere, mphamvu zinandithera. Ndinakhala pamzere n'kulankhula ndi Mulungu monga mmene ndingalankhulire ndi munthu amene wakhala pafupi nane. Ndinati, Atate, ine ndatopa. Sindikupempha kuti ndege iuluke, kaya ipse kaya idyedwe ndi dzimbiri. Sindikupempha kuti anthu atipepese. Ndikungopempha kuti mundibwezere amuna anga, adzukenso agwire chitsulo, andikalipireko ngakhale pang'ono kuti ndasuntha sipanala yawo. Sindinamve mawu aliwonse, sindinaone chizindikiro. Ndinapukuta misozi n'kupitiriza kupalira chifukwa udzu sukanadikira.

Sabata yomweyo, chakum'mawa, tinamva odi. Anali a Dzonzi, akukankha njinga, pampu yawo ya kudimba ataimangirira pakaliyala. Chichitikireni zija anali asanapondepo pakhomo pathu. Amuna anga atawaona anagwira mpando zolimba. Ndinawapatsa mlendoyo pokhala, ndipo tinalonjerana.

"Pampu yanga yasiya kukoka madzi," anatero a Dzonzi. "Kabichi akufota."

"Mkono wanga sugwira, achimwene. Pitani nayo kwa ena."

"Manja ndabwera nawo ine. Inu muzingondiuza pomasula."

Amuna anga anandiuza kuti ndikatenge bokosi la masipanala m'shedi. Ndinathamanga ngati mtsikana. Anakhala pansi pa mtengo awiriwo, wina akuloza, wina akumasula, ndipo mawu amene ankalankhulana anali a pampu okhaokha. Dzuwa litafika pamutu pampu inalira n'kulavula madzi mu ndowa. A Dzonzi akumangirira pampu panjinga, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapaipi kachikasu koonekera mkati, kokulungidwa ngati nkhata.

"Alamu anga amacheka matabwa kutsidya. Akuti iyi ndiyo imakhala m'thanki ya makina awo, imagona m'petulo chaka chonse osauma. Kaya ingakuthandizeni." Kenaka, maso ali pansi, anati, "Tsiku lija ndinakhala chete nthawi yaitali. Ndinkafuna pakhale munthu woti ndimuloze chala. Mphatso ankabwera kunyumba n'kumatiuza kuti akadzakula mudzamukweza m'ndege yanu."

Amuna anga analandira kapaipiko ndi dzanja lamanzere. Chimene anakwanitsa kunena chinali chakuti, "Ankafunsa mafunso ambiri mwana uja." Amuna awiri akuluakulu anaima pabwalo pathu akulira, ine ndili pakhomo ndikulira nawo.

Tsiku lotsatira anadzuka ine ndisanadzuke, ndipo ndinawapeza akusesa magalasi osweka m'shedi. Kapaipi kachikasu kaja sanakakhulupirire chifukwa chakuti kabwera ndi misozi. Anadula kachidutswa n'kukaponya m'botolo la petulo wa pa filing'i siteshoni, kena m'petulo wa Nasoko, kena anakapachika padzuwa. Koma ulendo uno mabotolo sanawaike m'shedi. Anawaika pakhonde, poonekera aliyense wodutsa, osabisa kufiira kwake, ndipo wofuna kununkhiza ankamutsegulira. Oyamba kubwera anali akabaza. Pambuyo pake ena anayamba kubweretsanso mawilibala ndi mafelemu. Nyengo yozizira inatha, yotentha inafika, kapaipi kaja kanali kofewabe, kakupindika osasweka, kanangoderako pang'ono. Mkati mwake munali motakasuka moti mpweya sunkatsekeramo. Anakamanga pa thanki ndi zomangira zachitsulo mbali zonse, anakatchinga ndi kachitsulo kuti phewa lisamakakhudze, ndipo anati azikasintha kawirikawiri ngakhale kazioneka kabwinobwino. Amauza aliyense wokonda zopangapanga kuti paipi yoonekera siisankhidwa ndi maso pa shopu, uyambe waigoneka m'mafuta omwewo amene idzanyamule.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Ndegeyo sinauluke. Mapiko akusokedwabe, a boma oona za ndege ayenera kudzaiona kaye, ndipo ndi diso limodzi sindikudziwa ngati bambo a Tadala adzaloledwe kuiyendetsa. Nthawi zina amadzidzimukabe akamva anthu ambiri akuyenda pamodzi. Ine ndimaimbanso kwaya, pafupi ndi mayi amene anandipanikiza kukhoma uja, ndipo Mulungu akundiphunzitsa pang'onopang'ono kutsegula pakamwa iye ali pambali panga. Koma amuna anga ali moyo, akugwira ntchito, ndipo dzulo lomweli anandikalipira kuti ndaika hamala yawo pamalo polakwika. Ndinawayankha kuti aleluya, iwo n'kudabwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaona pamene ndinalibe mawu ena opempherera. Sanatume mkulu wa mpingo kapena munthu wa udindo. Anatuma mayi wosuta fodya wa pamsewu, ndi bambo amene anali atangokwirira mwana wake. Inu amene muli pa mayesero, amene mwanamiziridwa, amene anthu anu omwe akutembenukirani, musasiye kupemphera ngakhale pemphero lanu litatsala mawu awiri okha. Thandizo likhoza kuchedwa, likhoza kubwera ndi munthu amene simunamuyembekezere, koma gwiritsitsani.

Pomaliza ndili ndi pempho. Mukamagwada musatchule ife tokha. Mukumbukire mayi ake a Mphatso. Iwo mpaka pano akandiona pamjigo amatembenuka, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Ine wanga ndinabwerera naye kunyumba kuchokera kuchipatala. Iwo anabwerera ndi nsalu yoberekera yokha. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.